Kujambula mbiri m'chigwa cha Luangwa: kuchokera kwa Mwape mpaka ku Feira

Tikamva za kujambula malo a mbiri, ambiri timaganiza za mizinda ya nyumba zamiyala monga Zanzibar kapena Ilha de Moçambique, kumene mlendo amangotsika m'galimoto n'kuyamba kutola zithunzi chifukwa khoma lililonse ndi lakalekale. Kwa Mwape, m'boma la Nyimba, zinthu sizili choncho. Nyumba za makolo zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula zinazimaliza kale. Mbiri yokha ilipo yochuluka, koma yagona pa madooko, pansi pa milambe, m'mapiri ndi m'mitu ya akuluakulu. Kamera payokha singaione. Pafunika munthu wokulozerani ndi chala kuti apa ndi pamene panachitikira zakutizakuti, ndipo luso lalikulu la wojambula m'chigwachi lagona pa kupeza munthu ameneyo ndi kumumvera.

Dziko la Mwape

Dziko la Mfumu Mwape lili m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kumpoto kwa tauni ya Nyimba. Boma la Nyimba lili ndi mafumu anayi: Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape. Kale dera lonseli linkalamulidwa kuchokera ku Petauke, n'chifukwa chake m'mabuku akale dzina la Mwape limapezeka pansi pa Petauke. Boma loyamba la Petauke nalonso silinali pamene lili lero. Linali chakuchigwa, pamalo amene mpaka pano amatchedwa Old Petauke, ndipo linadzasamukira kufupi ndi msewu waukulu pambuyo pake.

Mpando wa Mwape umadziwika ndi mafumu aakazi. Mbiri yapakamwa imakumbukira Mwape wina, mayi wolimba mtima amene anatsogolera anthu ake kulimbana ndi Achikunda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, magulu a Achikunda okhala ndi mfuti ankakwera chigwachi kuchokera ku Zumbo kudzafuna minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo oopedwa kwambiri anali José de Araújo Lobo, amene anthu ankamutcha Matakenya. Bungwe la Women's History Museum of Zambia linaika nkhani ya Mwape pakati pa nkhani za amayi otsogola a dzikoli.

Wojambula wobwera kuno wosadziwa zimenezi adzaona mchenga, madzi ndi mitengo ya tsanya, n'kubwerera ndi zithunzi zokongola zimene akanatha kutola pa mtsinje wina uliwonse. Wodziwa adzafunsa kuti anthu ankawolokera pati, ankabisala m'phiri liti, midzi yakale inali pati. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasandutsa gombe wamba kukhala malo oyenera kuwajambula.

Yambani kwa mfumu

Safunsa anadya phula. Musanatulutse kamera m'chikwama, kaonekereni kwa eni dziko. Mukafika pamudzi funsani nyakwawa, ndipo ngati mukufuna kuyendera malo a mbiri, pitani ku likulu la mfumu kudzera mwa nduna. Nduna ndiyo idzakuuzeni kalowedwe kake: pokhala, pogwada, poomba m'manja, ndi kamphatso koyenera kunyamula. Amayi avale chitenje, abambo avule chipewa. Musatambasule dzanja kupereka moni kwa mfumu pokhapokha iwo atayamba. Ndipo nenani zoona za ulendo wanu: zithunzizo ndi zanu zosunga, ndi za kusukulu, za nyuzipepala, kapena mukazigulitsa?

Ena amaona ngati kutaya nthawi. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene ntchito yojambula imayambira, chifukwa munthu amene mfumu ikupatseni kuti akuperekezeni ndiye adziwa njira, adziwa mayina, adziwanso malo osayenera kujambulidwa. Manda, makamaka a mafumu, malo othirira nsembe ndi nyumba ya chinamwali sizijambulidwa popanda chilolezo chomveka bwino, ndipo nthawi zambiri chilolezocho sichiperekedwa. Akakukanizani, bwezani kamera m'chikwama. Musayese kujambula mobisa foni ili pachiuno. Anthu amaona, ndipo mudzatsekera khomo ena obwera pambuyo panu.

Pa miyambo ya poyera, monga Tuwimba ya Ansenga imene imachitika ku Petauke mu Okutobala pansi pa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kujambula n'kololedwa m'malo ambiri, koma pali oyang'anira bwalo, ndipo iwo ndiwo anganene poima. Musadutse pakati pa mfumu ndi ovina chifukwa chofuna chithunzi chapafupi.

Mlatho wa Luangwa

Aliyense wochokera ku Lusaka kupita kum'mawa pa Great East Road amawoloka mlathowu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 230 kuchokera mumzinda. Mlatho woyamba unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Umene ulipo lerowu unatsegulidwa mu 1968. Uli ndi nsanja ziwiri ndi zingwe zachitsulo zimene zimanyamula msewu, ndipo pakati pa nsanjazo pali mamita opitirira 200 popanda mzati wina m'madzi. Mapiri a mbali zonse ndi mtsinje pansi pake zimapangitsa kuti dzanja lithamangire foni.

Koma dziletseni. Mlathowu ndiwo umalumikiza chigawo chonse cha kum'mawa ndi Lusaka, uli pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo umalonderedwa. Malamulo a Zambia amaletsa kujambula malo ena otetezedwa popanda chilolezo. Funsani alonda kaye, ndipo chimene anene chikhale chomwecho. Asilikali, apolisi ndi zotchinga zawo musazijambule.

Pamsika wa pafupi ndi mlatho, mbali ya ku Lusaka, mpamene pali zithunzi zamoyo. Nsomba zowamba zili mulumulu pa mathandala, madengu, malichero ndi mphasa zapachikidwa m'mbali mwa msewu, mabasi akuima ndipo anthu akutsika kudzagula. Usiku nyali za ogulitsa zimawala pa nsombazo mochititsa kaso. Gulani kanthu, chezani ndi wogulitsa, kenaka pemphani. Chimodzimodzi ku Nyimba, kumene amayi amagulitsa nthochi zimene taunilo limatchuka nazo.

Feira ndi Zumbo

Ngati m'chigwa chino muli tauni yoyenera kutchedwa yakale, ndi Luangwa, imene akuluakulu amaitchabe Feira. Mukakhota pamsika wa pa mlatho kulowera kumwera, n'kutsata mtsinje makilomita pafupifupi 90, mudzafika pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Pamenepa pakumana mayiko atatu. Mukaima ku Feira muli mu Zambia, tsidya la Luangwa kum'mawa ndi Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kumwera ndi dera la Kanyemba ku Zimbabwe.

Amalonda achipwitikizi ndi ochokera ku Goa anakhazikika ku Zumbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo Feira inakula limodzi naye ngati malo amsika. Minyanga, golide ndi mkuwa zinkatsikira kuno kuchokera kumtunda, nsalu ndi mikanda zinkakwera. Anthu nawonso ankagulitsidwa. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi kufupi ndi malo ano, tsiku limene kunachitika kadamsana, ndipo atawoloka anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Mu Januwale 1856 David Livingstone anadutsa akupita ku Quelimane ndipo anapeza malowa ali mabwinja: makoma a tchalitchi chamiyala ndi belu losweka lili pansi. Apwitikizi anabwereranso m'zaka za m'ma 1860, ndipo inatsatira nyengo ya Matakenya ndi mnzake Kanyemba. Ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, ansembe a Jesuit amene anali ku Miruru, tsidya la Mozambique, anawoloka Luangwa n'kuyamba mishoni ya Katondwe, imene ilipo mpaka lero pamodzi ndi chipatala chake. Mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja, kumtunda pang'ono kwa Feira m'mbali mwa Zambezi, kumene kunali omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo anthu a kumeneko amakumbukira tsikulo chaka ndi chaka.

Zonsezi zinachitikira pa kadera kochepa, koma mukafika simudzapeza zambiri zoimirira. N'chifukwa chake chithunzi chachikulu cha Feira ndi madzi enieniwo. Pezani pamalo okwera pamene mitsinje yonse iwiri ikuoneka, ndipo muike chinthu kutsogolo kwa chithunzi: bwato, msodzi akukonza ukonde, mayi akutsika ndi dengu la masau, thunthu la mlambe. Popanda chinthu chakutsogolo, mtsinje waukulu umaoneka ngati kamzere kosalala, ndipo woona sangamve kukula kwake. Mzere umene madzi akumana ndi thambo ukhale wowongoka, chifukwa madzi opendekeka m'chithunzi amasautsa maso.

Dziwaninso kumene dzuwa lili. M'mawa limatulukira kumbuyo kwa Zumbo, choncho mukaloza kamera tsidya lija mapiri ndi mabwato zidzaoneka zakuda pa madzi owala, zimene zimakongola ngati ndi zomwe mukufuna. Koma ngati mukufuna kuti nyumba za ku Zumbo zioneke bwinobwino, dikirani madzulo dzuwa likakhala kumbuyo kwanu. M'miyezi yachisanu dzuwa limayenda chakumpoto, ndiye kuti kuloza kumwera, ku Zimbabwe, kumapereka kuwala kwabwino pafupifupi tsiku lonse.

Kuwolokera ku Zumbo n'kulowa m'dziko lina, ngakhale ulendo wake wa pabwato uli waufupi. Nyamulani makalata oyendera, dutsirani ku ofesi ya olowa ndi otuluka, ndipo ofesiyo musaijambule mbali zonse ziwiri. Dera la Feira lilinso ndi eni ake, Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, ndipo ulemu womwe munachita kwa Mwape ukufunikanso kuno.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza ndikaganiza za malo ano. Kamera inafika pa Zambezi kale kwambiri. Pa ulendo wa Livingstone umene unayamba mu 1858, mng'ono wake Charles ndi dokotala John Kirk anali ndi zida zojambulira. Kuchokera nthawi imeneyo, zithunzi zambiri za chigwachi zatoledwa ndi alendo, kusungidwa kutali, ndi kuonedwa ndi anthu akutali. Lero mwana wa kwa Mwape kapena wa ku Feira ali ndi foni m'thumba imene ikuposa zida zonse zija. Ndikufunitsitsa kuti iyeyo ndiye akhale patsogolo pojambula kwawo.

Nyengo

Kuyambira Meyi mpaka Julayi mpweya ndi woyera, mapiri a ku Kacholola amaoneka mpaka kutali, ndipo misewu yafumbi yauma. Iyi ndiyo nthawi yabwino ya zithunzi za malo otambalala. Kuyambira Ogasiti tchire limayamba kutenthedwa, utsi ndi fumbi zimadzaza m'mwamba, mapiri amazimirira. Musataye mtima nazo: dzuwa lolowa m'nyengo imeneyi limafiira kwambiri, ndipo mchenga wa mumtsinje umatuluka poyera. Kungoti zithunzi zanu zikhale za zinthu zapafupi. Mu Okutobala kuchigwa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. M'dzinja dziko limabiriwira ndipo mitambo imakongola koposa, koma njira zolowera kwa Mwape zimavuta ndi matope ndi timitsinje todzaza, choncho funsani a ku Nyimba za msewu musananyamuke.

Kwathu kuno dzuwa silichedwa kukwera. Kuwala kofewa kwa m'mawa kumatha mwamsanga, ndipo pofika 9 koloko mithunzi yayamba kale kuuma pankhope. Dzukani kusanache, mukafike pamalo dzuwa lisanatuluke. Masana khalani pamthunzi n'kumacheza ndi akuluakulu, ndipo ndi nthawi yabwino yolemba zimene akukuuzani.

Foni ndi kamera m'dziko lotentha

Ambiri adzajambula ndi foni, ndipo palibe chochititsa manyazi. Chofunika choyamba n'kupukuta kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse musanajambule, chifukwa thukuta ndi fumbi ndizo zimachititsa zithunzi zambiri kuoneka ngati zajambulidwa m'nkhungu. Foni ikatentha imazima yokha, choncho musaisiye padzuwa kapena kutsogolo kwa galimoto. Magetsi kumidzi ya kuchigwa ndi osowa: nyamulani pawabanki yodzaza, kapena kasola kakang'ono, ndipo kumene kulibe netiweki zimitsani mbali yofufuza netiweki kuti batire lisathe pachabe.

Pojambula munthu thambo lowala lili kumbuyo kwake, foni imayeza kuwala kwa thambolo n'kusiya nkhope ili bii. Khudzani pankhope pa sikirini kuti foni iyeze pamenepo, kapena, chabwino koposa, mupempheni munthuyo aime pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo atayang'ana kowala. Khungu lakuda limaoneka bwino kwambiri m'kuwala kotereku. Kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire kumawononga ubwino wake pa mafoni ambiri. Sunthani miyendo.

Koma kusuntha miyendo kuli ndi malire. Luangwa ndi mtsinje wa mvuu ndi ng'ona zambiri, ndipo njovu zimayenda m'midzi ina ya kuchigwa. Musaime pamphepete penipeni pa madzi maso ali pa sikirini, ndipo msodzi akakuuzani kuti apo ayi, mverani. Okhala ndi kamera yosintha magalasi asinthire m'galimoto kapena m'nyumba, osati pamphepo ya fumbi. Za timandege tojambula, tija amati droni, pamafunika chilolezo cha bungwe loona za ndege la Zambia Civil Aviation Authority, ndipo pafupi ndi mlatho kapena malire a dziko musayerekeze n'komwe.

Kujambula anthu

Moni kaye, kenaka dzina lanu ndi kumene mwachokera, pempho pambuyo. Kwa mayi wachikulire mungati: “Zikomo agogo, ndabwera kudzaona malo kuno. Kodi mungandilole ndikujambuleni pakhomo panu pano?” Akati ayembekeze akasinthe chitenje kapena akamange duku, yembekezani. Alendo ena amakana zimenezi poti akufuna munthu aoneke monga anamupezera, koma munthu ali ndi ufulu wosankha maonekedwe amene adzakumbukiridwe nawo. Mukajambula, aonetseni, ndipo ngati sanakonde fufutani iwo akuona.

Ana adzakuthamangirani okha, koma chilolezo chimachokera kwa makolo. Musajambule anthu akusamba kumtsinje. Ndipo ndinene mosabisa: zithunzi zofunafuna umphawi, za mwana wa malaya ong'ambika kapena nyumba yogumuka, zoti anthu akaone pa Facebook n'kumva chisoni, zimachotsa ulemu eni dera ndipo sizinena zoona zonse. Mudzi womwewo uli ndi nkhokwe, sukulu, osema mabwato, oluka madengu ndi alimi odziwa ntchito yawo.

Mishoni ndi mapanga

Nyumba zakale zenizeni zimene mungazipeze chakuzungulira Nyimba ndi Petauke ndi za mishoni. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba, mu 1914, ndipo Akatolika ali ndi Minga pafupi ndi Petauke. Pemphani kwa abusa kapena ansembe. Mukajambula nyumba yonse, yandikirani mujambulenso njerwa, belu, mwala wa maziko ngati walembedwa chaka, chifukwa tizinthu timeneti ndito timadzathandiza ofufuza mbiri.

Mukapitirira kum'mawa, ku Katete, Chadiza ndi Chipata, kuli mapanga okhala ndi zojambula zamakedzana, monga Mkoma, Kalemba ndi Thandwe, a mtundu umodzi ndi a ku Chongoni ku Dedza amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Ku Zambia malo otere amatetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission. Musakhudze zojambulazo, musazithire madzi kuti zioneke bwino, musalembe dzina lanu pathanthwe.

Chithunzi chikafika kunyumba

Mukatsegula zithunzi za nthawi ya atsamunda, monga zimene zimasungidwa ku National Archives of Zambia ku Lusaka, kawirikawiri mudzapeza dzina la mzungu lalembedwa, pamene anthu akuda oima naye alibe mayina. Mabanja awo sangathe kuwazindikira. Ife tisabwereze zimenezo. Tsiku lomwelo lembani m'kabuku: dzina la malo monga eni ake amalitchulira, mudzi, mfumu yake, tsiku, dzina la munthu ngati walola, ndi amene wakuuzani nkhaniyo. Ngati agogo awiri asiyana pofotokoza, lembani zonse ziwiri, aliyense ndi mawu ake.

Zithunzi zisakhale pamalo amodzi okha. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Koperani pa kompyuta kapena pa intaneti mukangofika kumene kuli netiweki. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi, choncho chimene mukufuna kudzatsukitsa chitumizeni ngati fayilo.

Ndipo tsukitsani zina pa pepala. Ku Petauke, ku Chipata kapena ku Lusaka zimenezi zimatheka pa mtengo wochepa. Tumizani kwa agogo amene munawajambula, ku likulu la mfumu ndi kusukulu ya m'deralo, kudzera mwa munthu uja anakuperekezani, amene nambala yake muyenera kuitenga musanatsanzike. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani dzina, malo ndi chaka ndi pensulo yofewa, chifukwa inki ya bolopeni imadutsa pepala pakapita nthawi.